Khansa ya m'mapapo: matenda opha anthu ambiri padziko lonse amene kuno kwathu amabisala kumbuyo kwa TB

Pamaliro ena amene ndinakagonera ku Matero mu Lusaka, nkhani imene inatenga usiku wonse pakati pa azibambo amene tinazungulira moto inali ya matenda a malemuwo. Bamboyo anagwira ntchito yoyendetsa malole kwa zaka zambiri, ndipo atayamba kutsokomola ndi kuwonda anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu (TB) kwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, koma chifuwa sichinasiye. Pamene zinadzadziwika kuti m'mapapo mwake munali chotupa cha khansa, matendawo anali atafika kale m'mafupa a msana. Mkulu wina amene anakhala chete nthawi yaitali anafunsa kuti: "Kodi khansa imagwiranso mapapo? Ife timadziwa ya amayi ija ya khomo la chiberekero, ndi ya azibambo yotseka mkodzo."

Funso la mkuluyo ndi la anthu ambiri, ndipo lili ndi maziko. Mu February 2024, bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France ndipo ndi nthambi ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linatulutsa chiwerengero cha chaka cha 2022. Chaka chimenecho anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mapapo ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira nayo, kutanthauza kuti pa imfa zisanu zilizonse zobwera ndi khansa padziko lapansi, pafupifupi imodzi inali ya m'mapapo. Palibe khansa ina imene inapha anthu ochuluka chotere. Komabe mu Zambia khansa zimene zimatsogola m'mabuku a zipatala ndi ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ya prostate (ya azibambo yotseka mkodzo ija) ndi ya m'mawere, ndipo ya m'mapapo imaoneka kutali pansi. Mbali ina ya kusiyanaku ndi yeniyeni, koma mbali ina imachokera ku mmene timapezera odwala ndi kuwawerenga.

Chimene chimachitika m'mapapo

Mapapo tingawayerekeze ndi mtengo woimikidwa chadodolido. Thunthu lake ndi njira ya mpweya yochokera kukhosi, imene imagawika pawiri, kenako n'kumagawikagawika kukhala nthambi zing'onozing'ono mpaka kukathera ku timatumba mamiliyoni mazanamazana mmene mpweya wabwino umalowera m'magazi. M'kati mwa nthambi zonsezi munayalidwa maselo, tizigawo tosaoneka ndi maso timene thupi lonse linamangidwa nato monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Selo lililonse lili ndi malangizo ake olembedwa m'majini, onena nthawi yoti ligawikane, yoti lileke, ndi yoti life kuti lina lilowe m'malo mwake. Utsi kapena fumbi loipa likamakhudza maselowa tsiku ndi tsiku, malangizowo amawonongeka pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka selo lina limataya lamulo loti lileke kugawikana. Mulu wa maselo osamvera lamulowo ndiwo chotupa cha khansa.

Mlimi aliyense wa kum'mawa amamudziwa kaufiti, amene amayamwa mizu ya chimanga pansi pa nthaka kwa milungu ingapo asanatulutse maluwa ake ofiira, moti pamene mwini munda akumuona, mbewu imakhala itapinimbira kale. Khansa ya m'mapapo imachita chimodzimodzi, chifukwa mnofu wa m'kati mwa mapapo sumva kupweteka, ndipo chotupa chikhoza kukula mwakachetechete mpaka chitatseka njira ya mpweya, kuboola mtsempha wa magazi, kapena kukhudza nthiti. Nthawi zambiri chimakhala chitatumiza kale maselo ake kudzera m'magazi ndi m'njira za mwanabere kupita ku mafupa, ku ubongo kapena ku chiwindi.

Madokotala amagawa khansayi m'magulu awiri malinga ndi maonekedwe a maselo pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Gulu la maselo aang'ono limagwira odwala pafupifupi 15 pa 100 alionse, limafalikira mofulumira kwambiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse limapezeka mwa osuta fodya. Otsalawo ali m'gulu lachiwiri, limene limakula mochedwerapo. Amagawanso matendawa m'masiteji anayi: pa siteji yoyamba chotupa chimakhala chaching'ono ndipo chili pamalo amodzi, pomwe pa siteji yachinayi chafika ku ziwalo zina. Ku United States, kumene zida zonse zilipo, oposa theka la anthu amene khansa yawo yapezeka isanachoke m'phapo amakhalabe ndi moyo patapita zaka zisanu, koma mwa amene yapezeka itafalikira kutali, otere ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa khumi.

Mmene mtolo wa matenda umayezedwera

Akatswiri a zaumoyo wa anthu onse akamanena za mtolo wa matenda, sayang'ana wodwala mmodzi koma dziko lonse, ndipo amafunsa mafunso angapo. Loyamba ndi lakuti ndi anthu angati amene apezeka kumene ndi matendawo m'chaka, lachiwiri ndi lakuti ndi angati amene amwalira nawo. Kuika manambala awiriwa pamodzi kumaonetsa ukali wa matenda. Mu 2022 khansa ya m'mawere inapezeka mwa anthu pafupifupi 2.3 miliyoni, chiwerengero choyandikana ndi cha khansa ya m'mapapo, koma amene anamwalira nayo anali pafupifupi 670,000, osafika ngakhale theka la amene anaphedwa ndi ya m'mapapo. Chotupa cha m'bere chimagwirika ndi dzanja chikadali chaching'ono, pomwe cha m'phapo chili kuseri kwa nthiti.

Funso lachitatu ndi la zaka zimene zatayika. Munthu womwalira ali ndi zaka 52, ana ali kusekondale, amasiya dzenje losiyana ndi la womwalira ali ndi zaka 85, ndipo owerengera amaphatikiza zaka zimene munthu akanakhala ndi moyo ndi zaka zimene wakhala akudwala kuti apeze kulemera kwenikweni kwa matendawo.

Palinso nkhani ya msinkhu, imene imasokoneza ambiri poyerekeza mayiko. Khansa ya m'mapapo imakonda anthu opitirira zaka 50 kapena 60. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni mu Zambia, ndipo oposa theka la iwo sanakwanitse zaka 20. Munthu akawerenga imvi pasukulu ya pulayimale n'kupeza zochepa, sanganene kuti ana a pasukulupo sadzakalamba. Ndiye chifukwa chake akatswiri amasintha manambala ngati kuti mayiko onse ali ndi achikulire ofanana asanawayerekeze. Ngakhale atatero, mayiko monga China, kumene anthu oposa 1 miliyoni anapezeka ndi khansayi mu 2022, ndiponso Hungary, amakhalabe pamwamba kwambiri kuposa mayiko ambiri a mu Africa, ndipo chifukwa chachikulu ndi mbiri ya fodya.

Fodya ndi ngongole yolipidwa mochedwa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, khansa ya m'mapapo inali yosowa ngakhale ku Ulaya. Zinthu zinasintha ndudu zitayamba kupangidwa ndi makina n'kutsika mtengo, ndiponso asilikali atazolowetsedwa kusuta pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafalitsa zimene anapeza atafunsa odwala m'zipatala za ku London, zakuti pafupifupi amuna onse odwala khansayi anali osuta. Chaka chotsatira anayamba kutsatira madokotala achimuna oposa 34,000 a ku Britain, ntchito imene inatenga zaka 50, ndipo inaonetsa kuti osuta moyo wawo wonse ankamwalira pafupifupi zaka 10 msanga poyerekeza ndi osasuta. Lero bungwe la WHO limati fodya ndiye amayambitsa pafupifupi 85 pa 100 ya khansa yonse ya m'mapapo. Utsi wake uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo ndi odziwika kuti amayambitsa khansa. Nikotini ndi amene amamanga munthu kuti asaleke, koma chimene chimawononga maselo kwenikweni ndi phula ndi zinthu zina zotuluka fodya akamapsa.

Mfundo imene ndimaona kuti ndi yofunika kuposa zonse pa nkhaniyi ndi ya nthawi. Dziko likayamba kusuta kwambiri, khansa sibwera chaka chomwecho, imadikira zaka 20 kapena 30. Zili ngati ngongole ya katapila imene munthu amatenga ali mnyamata n'kudzaitanidwa kuti alipire ali ndi zidzukulu. Choncho odwala amene akugona m'zipatala za mu Lusaka lero akutiuza za kasutidwe ka m'ma 1980 ndi 1990, ndipo zotsatira za kasutidwe ka lero zidzaoneka cha m'ma 2050.

Kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno wakhala akuonetsa kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa asanu alionse amasuta, pomwe akazi osuta ndi ochepa kwambiri, ngakhale kuti ena amagwiritsa ntchito nsunko. Ambiri sagula paketi. Amagula ndudu imodziimodzi pa kantemba kapena kwa anyamata ogulitsa pa siteshoni ya basi, ndipo ena amadzipichirira balani papepala. Wosuta wotere amadzitonthoza kuti ziwiri kapena zitatu patsiku si kanthu. Zimene ofufuza anapeza n'zakuti kutalika kwa zaka zimene munthu wasuta kumakweza chiopsezo kwambiri kuposa kuchuluka kwa ndudu za tsiku limodzi, moti amene anayamba ali ndi zaka 15 n'kumasuta pang'onopang'ono kwa zaka 35 sali pabwino ayi. Fodya wopichira kunyumba sachepa ululu chifukwa chakuti sanadutse kufakitale, ndipo shisha amene wafala m'malo achisangalalo a achinyamata satsukidwa ndi madzi amene utsi wake umadutsamo.

Madokotala ali ndi njira yawo yowerengera kasutidwe. Paketi imodzi ya ndudu 20 patsiku kwa chaka chathunthu amaiwerenga ngati muyezo umodzi, kotero wosuta ndudu 10 patsiku kwa zaka 40 ali ndi miyezo 20, chimodzimodzi ndi wosuta paketi yathunthu kwa zaka 20.

Ngongoleyi imachepa munthu akaleka. Pakapita zaka 10 chilekereni, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha munthu amene akusutabe. Mwa madokotala a ku Britain aja, amene analeka ali ndi zaka 30 anapewa pafupifupi chiopsezo chonse chofa msanga, ndipo amene analeka ali ndi zaka 50 anachichepetsa ndi theka. Doll mwiniwake anali wosuta, ndipo analeka ataona manambala ake omwe.

Amene sanagwirepo ndudu

Kunena kuti fodya amayambitsa 85 pa 100 kukutanthauzanso kuti pali anthu ambirimbiri odwala khansayi amene sanasutepo, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Kukhala m'nyumba imodzi kapena kugwira ntchito ndi munthu wosuta kumakweza chiopsezo ndi 20 mpaka 30 pa 100. M'komboni, mmene banja lonse limagona m'zipinda ziwiri za mawindo aang'ono, utsi wa bambo umakhala wa onse.

Utsi wa kukhitchini nawo uli ndi mbali yake. Ku Xuanwei m'dziko la China, amayi osasuta anapezeka akudwala khansa ya m'mapapo mochuluka modabwitsa chifukwa chophikira malasha m'nyumba zopanda potulukira utsi. Apa tisasokoneze mawu: malasha amenewa ndi amiyala okumbidwa pansi, onga a ku Maamba, osati makala a mitengo amene mu Lusaka timawatchanso malasha. Bungwe la IARC linaika utsi wa malasha amiyala m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo utsi wa nkhuni linauika m'gulu lotsatira, la zinthu zimene umboni ukuloza kuti mwina zimatero. Aliyense amene anakhala mu Lusaka m'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima kwa maola ambiri patsiku, anaona mbaula ikubwerera ngakhale m'nyumba za kumayadi. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imapha usiku umodzi wokha ndi mpweya wake wopanda fungo, ndipo timadontho ta utsi timene mayi amapuma pophika zaka ndi zaka timakathera m'timatumba ta m'mapapo tija. Kunja kwa nyumba, utsi wa injini za dizilo unaikidwa m'gulu lotsimikizika mu 2012, ndipo mpweya woipitsidwa wa m'mizinda unaikidwamo mu 2013. Wogulitsa malonda amene amakhala tsiku lonse pakati pa mabasi pa Kulima Tower kapena pa City Market amapuma zambiri kuposa wongodutsa.

Dziko la migodi ngati lathu lili ndi chiopsezo chinanso. Fumbi la miyala lokhala ndi silika limalimbitsa mapapo ndi zipsera ndipo limayambitsanso khansa, n'chifukwa chake ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt akhala akuyezedwa m'chifuwa ku Kitwe kuyambira kalekale. Pansi pa nthaka pamatulukanso mpweya wotchedwa radon, wopanda mtundu kapena fungo, umene umaunjikana m'migodi ndi m'nyumba zosapita mphepo, ndipo WHO imati umayambitsa pakati pa 3 ndi 14 pa 100 ya khansa ya m'mapapo malinga ndi dziko. Ndiye pali asibesitosi, amene anafolerera nyumba zambiri zakale za ku Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero. Denga lotere likakhala lathunthu osaligwedeza silivuta kwenikweni. Ngozi imabwera polidula, polibowola kapena poliphwanya, pamene timaulusi take timauluka n'kukakhazikika m'mapapo kwa moyo wonse, ndipo mmisiri amene amapuma fumbi limeneli uku akusutanso fodya amakhala pa chiopsezo chowirikiza kangapo.

Kachilombo ka HIV sitingakasiye. Pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa khumi mu Zambia ali nako, ndipo chifukwa cha ma ARV anthu ambiri tsopano akufika zaka 50 ndi 60, chimene ndi chipambano chachikulu. Koma anthu amene ali ndi kachilomboka amadwala khansa ya m'mapapo kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo imawapeza ali ocheperapo msinkhu. Zipsera zimene TB imasiya m'mapapo nazonso zimakweza chiopsezo.

Pamene chifuwa chilichonse chikuoneka ngati TB

Zizindikiro za khansa ya m'mapapo ndi chifuwa chosatha, makhololo a magazi, kupweteka m'chifuwa, kubanika, kuwonda, kusafuna chakudya ndi kutopa. Aliyense amene anawerengapo chikwangwani cha TB pakhoma la kiliniki aona kuti mndandandawu ndi womwewo. Zambia ili m'gulu la mayiko amene WHO imati ali ndi mtolo waukulu wa TB, ndipo wachipatala wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene akuona anthu otsokomola ambirimbiri pa mlungu amalondola akayamba waganiza za TB, chifukwa ndi imene imapezeka kwambiri, imapatsirana, ndipo imachizika.

Wodwala amapatsidwa kabotolo koti alavuliremo makhololo, ndipo amayezedwa ndi makina a GeneXpert, amene amafufuza majini a kachilombo ka TB. Akapezeka nako, njira ndi yoongoka. Vuto limayamba makhololo akaonetsa kuti mulibe kanthu koma chithunzi cha X-ray chikuonetsa mthunzi m'phapo. TB ina, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV, sioneka m'makhololo, kotero malamulo a chipatala amalola dokotala kuyambitsa mankhwala potengera zizindikiro ndi chithunzi chokha. Njira imeneyi yapulumutsa anthu ochuluka. Koma m'gulu la oyambitsidwa mankhwala motere mumalowanso anthu ena amene mthunzi wawo ndi khansa, ndipo kwa iwo miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala ndi miyezi imene chotupa chikukula popanda wochiletsa. Kwa khansa ya maselo aang'ono, nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti ichoke m'chifuwa n'kufika ku ubongo. Nthawi zina matenda awiriwa amakhalira limodzi mwa munthu mmodzi, ndipo kupezeka kwa TB kumatseka maso a onse kuti asafufuze zina.

Kuti khansa itsimikizike pamafunika masitepe amene sapezeka pa kiliniki. Choyamba ndi CT scan, makina ojambula m'chifuwa m'magawomagawo ngati mmene timadulira buledi, amene amaonetsa chotupa chimene X-ray wamba angachiphonye. Kenako pamafunika kutenga kachidutswa ka mnofu wa chotupacho, kaya ndi kapaipi kokhala ndi kamera kolowetsedwa kudzera kukhosi, kaya ndi singano yobaya pakati pa nthiti, ndipo ntchito imeneyi ndi imene amaitcha biopsy. Pomaliza kachidutswako kamapita kwa dokotala wodziwa kuzindikira matenda poyang'ana maselo. Madokotala oterewa ndi ochepa m'dziko muno ndipo ambiri ali mu Lusaka ndi ku Copperbelt. Pa sitepe iliyonse pali mzere wodikira, ndalama ya basi, ndi odwala ena amene amafooka n'kubwerera kumudzi.

Apa ndi pamene manambala athu amachepera. Kaundula wa khansa wa dziko lino amalemba anthu amene matenda awo apezeka. Amene wamwalira ali pa mankhwala a TB amalowa m'buku la TB. Amene wamwalirira kunyumba amafika kumochale ngati BID, kutanthauza wobweretsedwa atamwalira kale, ndipo chimene chimadziwika za matenda ake ndi chimene achibale anena, chomwe kawirikawiri chimakhala chakuti ankadwala chifuwa. Khansa ya khomo la chiberekero imaoneka bwino m'mabuku chifukwa ndi yochulukadi, komanso chifukwa dziko linakhazikitsa njira yoyezera amayi m'makiliniki, pomwe ya m'mapapo ilibe khomo lotere lolowera.

Chithandizo, ndi chimene banja limasenza

Khansa ikapezeka msanga, opaleshoni yochotsa gawo la phapo ikhoza kuchiza munthu kotheratu. Ikakula, madokotala amagwiritsa ntchito makina owotcha chotupa ndi cheza champhamvu pamodzi ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha amene ambiri amangowatcha kemo. M'zaka zaposachedwa kwabwera mapiritsi olimbana ndi chilema chenicheni cha m'majini a chotupa, monga chimene chimatchedwa EGFR, chomwe chimapezeka kawirikawiri mwa odwala osasuta, ndiponso mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa. Mankhwala atsopanowa atalikitsa moyo wa odwala ambiri m'mayiko olemera, koma ndi okwera mtengo kwambiri ndipo amafuna kuti chotupa chiyezedwe kaye mwapadera.

Chipatala cha Cancer Diseases Hospital, choyandikana ndi chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka, chinatsegulidwa mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri chinali malo okhawo m'dziko muno ochitirako chithandizo cha cheza. Wodwala wochokera ku Chipata amayenda makilomita oposa 550, ndipo wa ku Lundazi kapena ku Chama amayenda oposa pamenepo. Chithandizo cha cheza chimaperekedwa tsiku lililonse la ntchito kwa milungu ingapo, kotero munthu amafunika pogona mu Lusaka, ndipo amene tili ndi achibale kum'mawa timadziwa tanthauzo lake: matiresi pabalaza, mlamu akutsokomola usiku wonse, ndi mwana wamkazi amene wasiya tebulo lake kumsika wa Soweto kuti azidikirira wodwala. Inshuwalansi ya NHIMA imathandiza pa zina za kuchipatala kwa amene analembetsa, koma siilipira basi, chakudya, kapena malonda amene aima. Popeza khansayi imakonda amuna a zaka za m'ma 50 ndi 60, nthawi zambiri amene wagona ndi yemwe ankabweretsa ndalama pakhomo.

Kwa odwala ambiri amene afika mochedwa, chithandizo chimene chimatsala ndi chochepetsa ululu: morphine wakumwa, kuchotsa madzi amene adzaza m'chifuwa kuti munthu apume, ndi cheza chochepa pa fupa limene likuwawa. Achibale ena amaopa morphine poganiza kuti ndi chizindikiro chakuti madokotala ataya mtima, koma woperekedwa pa muyezo wake amalola munthu kugona, kudya ndi kulankhula ndi ana ake.

Kuyeza anthu asanadwale, ndi mkangano wa fodya

Ena amafunsa chifukwa chake anthu sayezedwa m'mapapo monga mmene amayi amayezedwera khomo la chiberekero. Kujambula anthu athanzi ndi X-ray wamba kunayesedwa ndipo sikunachepetse imfa. Chimene chinathandiza ndi CT scan ya cheza chochepa: kafukufuku wa ku United States wa anthu oposa 53,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anaonetsa kuti imfa za khansa ya m'mapapo zinatsika ndi 20 pa 100 pakati pa osuta kwambiri. Kumeneko tsopano amalangiza kuti anthu a zaka 50 mpaka 80 amene afika miyezo 20 ya kasutidwe aziyezedwa chaka chilichonse. Kuchita zimenezi kuno kungafune makina ndi akatswiri ambiri, ndipo pali vuto lina lakuti m'dziko la TB anthu ochuluka ali ndi zipsera zakale m'mapapo zimene pa chithunzi zimafanana ndi chotupa, moti ambiri angabayidwe singano popanda chifukwa.

N'chifukwa chake maso a akatswiri a zaumoyo ali pa fodya. Zambia inavomereza pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri. Nkhani ya lamulo lalikulu lokhudza misonkho, kutsatsa malonda ndi kugulitsa ndudu imodziimodzi inatenga zaka zambiri ikukambidwa. A zaumoyo amanena kuti kukweza mtengo ndi 10 pa 100 kumachepetsa kusuta ndi pafupifupi 5 pa 100 m'mayiko osauka, makamaka pakati pa achinyamata, ndiponso kuti fodya wambiri wolimidwa kuno amagulitsidwa kunja, kotero kuchepa kwa osuta mu Lusaka sikungagwetse msika wa mlimi. Alimi a kum'mawa ndi makampani ogula fodya amayankha kuti mbewuyi ndi imene imabwera ndi ngongole ya feteleza ndi msika wodziwikiratu, kuti imalipirira ana sukulu ndi kubweretsa ndalama zakunja, ndiponso kuti misonkho ikakwera kwambiri ndudu zozembetsa zimachuluka. Banja limodzi la ku Chipata likhoza kukhala ndi chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba ndi wodwala chifuwa m'kati mwake.

Mwezi wachiwiri wa mankhwala

Munthu amene alidi ndi TB ndipo akumwa mankhwala oyenera amayamba kupeza bwino m'milungu yochepa: kutentha thupi kumatsika, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo sikelo imayamba kukwera. Pakutha pa mwezi wachiwiri amayezedwanso. Ngati pofika nthawi imeneyi munthu akuwondabe, mawu asasa, magazi akutulukabe, kapena nkhope ndi khosi zayamba kutupa, makamaka ngati makhololo ake sanaonetsepo kachilombo kuyambira pachiyambi, mankhwala asasiyidwe, koma wodwala kapena womudikirira ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti: "Adokotala, kodi sangakhale matenda ena? Kodi tingatumizidwe kukajambulitsa CT scan?" Yankho likhoza kukhala TB yosamva mankhwala kapena matenda ena a m'mapapo, ndipo onsewo amafuna kudziwika msanga.

Wachipatala amathandizika kwambiri akauzidwa zoona zonse: zaka zimene munthu wasuta ngakhale analeka kalekale, ngati anagwirapo ntchito mumgodi, m'magalaja kapena yodula asibesitosi, ndiponso ngati m'nyumba muli wosuta. Chithunzi chakale cha X-ray chisatayidwe kapena kusiyidwa kumudzi. Dokotala akaika chithunzi cha mwezi wa March pambali pa cha mwezi wa June, amaona ngati mthunzi uja ukuchepa monga imachitira TB imene ikumva mankhwala, kapena ngati wakula.